Loweruka Limene Atate Sanakwere Lole

Atate anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina yosoka mayunifomu, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampaniyo ku Estates. Boma litayamba kugulitsa makampani, yathuyo inagulidwa ndi munthu wa ku Lusaka amene sitinamuonepo nkhope. Tinkangoona manijala wake, mwamuna wamimba, wakwathu kum'mawa, amene atate ankamutcha mphwawo.

Masiku amenewo salaula, zovala zakale zochokera kunja, inali itadzaza msika, makina ambiri atangoti zii. Mwini kampani anaona kuti polowera n'pa ndale. Anayamba kusokera ulere malaya a kampeni mkulu wina wofuna uphungu, poyembekeza kuti akapambana adzamuponyera ntchito za boma. Loweruka lina manijala analamula antchito onse kuti akwere lole ya kampani, akaimbe pamsonkhano wa mkuluyo.

Atate sanapite. Sichinali chipani chimene chinawaletsa ayi. Tsikulo kunali maliro a mnansi wathu, ndipo iwo ndiwo ankatsogolera okumba manda. Sanaone chifukwa chopemphera chilolezo. "Manijala ni wakwathu uja," anauza amayi, "aziba kuti malilo sibathaba."

Lolemba manijala anawaitana pamaso pa anzawo. "Ba mudala, kansi ndimwe ba opozishoni? Yendani, wakufa uja akakulembeni nchito."

Anatitulutsa m'nyumba mwezi usanathe. Pasanapite nthawi, nyumba za kampani zinayamba kugulitsidwa motchipa kwa amene ankakhalamo, ife tili kale ku Chanyanya m'kanyumba kodontha, atate akupalasa njinga ya nsomba ndi msana wawo wodwala. Anamwalira mvula yachiwiri isanathe, ndipo mphwawo uja sanabwere ngakhale kudzaponya dothi. Mkulu wofuna uphungu uja anapambana, ntchito za boma zija n'kupatsa mlamu wake, kampani n'kutseka. Oimba pa lole aja nawonso anakhala pansi, koma iwo anali ndi pogona.

Ine ndinakulira pa benchi ya nsomba mumsika wa m'tauni, mkwiyo ndikuusunga ngati mbewu. Kutchalitchi abusa akamati tikhululukire adani, ameni wanga ankathera pakamwa.

Patapita zaka, manijala uja anafuna ukhansala. Anafika pamsika osandizindikira, n'kundipempha kuti ndimusonkhanitsire azimayi. Ndinagwada mpaka pansi. "Osavutika, ba bwana, msika onse ni wanu."

Tinamudyera nkhuku, tinamuvalira zitenje, tinamuvinira mpaka anagulitsa galimoto kuti atisangalatse. Iye akangotembenuka, ine ndinkayenda benchi ndi benchi kufotokoza za munthu amene anachotsedwa ntchito chifukwa chokumba manda. Panalibe mayi amene anafuna kumva kawiri. Manijala uja anagwa chagada pa chisankho, ndipo sindibisa, ndinasangalala kwambiri.

M'mawa mwake ndinapita kwawo nditavala bwino, kuti adziwe amene wamugwetsa. Ndinamupeza pakhonde maso ali gwa, n'kumutchulira dzina la atate. Anakanda m'mutu.

"Mudala uti uyo?"

Ndinamuuza msewu ndi nambala ya nyumba yathu. Apo nkhope yake inawala.

"Oo, ija ya pa kona! Nyumba yabwino maningi ija. Ninapasa mwana wa mlongo wanga."

Ndinabwerera kumsika wapansi. Mpaka lero ndimadandaula kuti munthuyo anali ndi ukhansala umodzi wokha woti ndimulande.