Lamba Amene Ndinavula pa Sewero kwa Nsamala

Anzanga, Luckness ndinakumana naye ku student centre ya pakoleji pathu ku Liwonde. Ine ndinangopita kukatchaja foni poti ku hostel magetsi anali atazima. Iye anatuluka mu holo ya drama thukuta lili kamukamu, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mawu muli nawo? Tikusowa mwamuna wankhanza."

"Ine Zubairu? Ngakhale nkhuku sinditha kuzinga."

"Ndiye bwerani mudzaphunzire."

Ndisaname, drama club ndinalowera iyeyo. Rehearsal ikatha tinkagula tchipisi pa canteen n'kukadyera kuseri kwa steji, mbale imodzi. Semester isanathe tinali pa chibwenzi. Chomwe ndinkaopa chinali chipembedzo basi, poti ine ndine Msilamu, iye wa Katolika.

Sewero lathu linali la nkhanza za m'banja. Ine mwamuna chidakwa, Luckness mkazi wanga. Jane, director wathu, ankandikalipira daily.

"Zubairu, ukumenya ngati ukupepesa! Anthu akuyenera kudana nawe."

Ndinalimbikira mpaka ndinazitha.

Kenako club inaganiza zokaonetsa seweroli kumidzi. Luckness anapempha kuti tiyambire kwawo, kwa Nsamala ku Balaka.

"Amayi akakuone kaye patali," anandinong'oneza. "Za ife ndikawauza pambuyo pake."

Tsikulo ndinasewera ndi mtima wonse, ndimvekere apongozi aone kuti mkamwini ali ndi luso. Ndinakuwa, ndinaponda ndowa, ndinavula lamba n'kulikulunga kudzanja uku ndikumukoka Luckness. Mayi wina amene anakhala kutsogolo pamphasa anadzuka n'kuchoka atagwira pakamwa.

Anali amayi ake a Luckness.

Luckness anatsala kumudzi weekend imeneyo. Atabwera anandipeza pa canteen, maso ali otupa.

"Ndawauza amayi za ife. Akana."

"Chifukwa cha Chisilamu?"

"Iyayi. Akuti lamba lija unavula ndendende mmene ankavulira bambo anga."

Anzanga, nthawi yonse tili limodzi sanandiuzepo kuti malemu bambo ake ankawamenya amayi akewo mpaka khutu limodzi linagontha.

"Koma Lucky, linali sewero..."

"Ndawauza. Akuti maso ako aja sanali a sewero."

Ndinawadandaulira amalume anga, a Hassani, mpaka anakwera minibasi kukandilankhulira kwa amayi ake a Luckness. Anawalandira bwino, mpando anawapatsa, tiyi anamwa. Koma mayiwo anangoti, "Mwana wanu sanandilakwire. Kungoti nkhope imeneyo sindingaione pakhomo panga kawiri."

Ndinadzilimbitsa mtima kuti bola mwiniwake akundifuna, amayi adzafewa. Ndinamudikira potuluka m'kalasi, tinakakhala pa benchi kunja kwa library.

"Amayi anena zawo. Nanga iwe ukuti bwanji?"

Anangoyamba kulira. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndimupukute misozi.

Anabweza mutu msangamsanga, n'kutchinga nkhope ndi mkono.

Tonse awiri tinaona zomwe zachitika. Dzanja langa linangotsala m'malere.

"Pepa Zubairu," anatero chapansipansi. "Chichokere kumudzi kuja, ukangokweza dzanja thupi langa likumachita lokha."

Anatenga chikwama chake n'kumapita, ndipo sindinamutsatire. Ndikanamuthamangira bwenzi ndikungomuopseza.

Anzanga, chibadwire sindinamenyepo munthu. Chikhala ndinalakwa, ndikanagwada n'kupepesa, mwina akanandikhululukira. Koma apa ndipepese chiyani? Ndimamukondabe Luckness, ndipo iye amandiopa.