A Ukwera ndi Zitheba Zofunda Bulangete

Asanatchedwe a Ukwera, bambowa anali okonza mawotchi. Anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ya nsalu, kagalasi kokulitsa zinthu kamene ankakapanira padiso, ndi chitini cha tizitsulo tating'onoting'ono. Ntchito inkayenda ndithu, mpaka mafoni anafika n'kuyamba kuuza anthu nthawi mwaulere. Kuyambira pamenepo ankangokhala patebulopo, atazunguliridwa ndi mawotchi owauza molondola kuti tsiku latha kasitomala osabwera.

Nkhani ya vanila inabwera ndi mlamu wawo, dalaivala wa lole ya kampani yotumiza mbewu kunja.

"Alamu, mukuwodzeranji pano? Kilo imodzi ya vanila kunja ikuposa malipiro a mphunzitsi. Ndipo mtengo ukwera."

"Vanila n'chiyani?"

"Zija zimanunkhira m'keke zija."

Kafukufuku yense anathera pomwepo. Mwezi usanathe anagulitsa tebulo ndi kagalasi komwe, anagwetsa nthochi zonse m'munda wa kuseri kwa nyumba, n'kubzala timitengo toyangapo vanila. Akazi awo anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Ndiye ana azidya fungo?"

"Vuto lanu mayi, mumaganiza za m'mimba basi. Ine ndikuganiza za msika wa dziko lonse lapansi."

Zimene mlamu anaiwala kunena n'zakuti vanila amatha zaka zitatu akungoyanga, osabereka kanthu. Zaka zonsezo banja linkadalira makina osokera a mayi aja, amene ankangoganiza za m'mimba. Anthu akafunsa za mundawo, yankho linali limodzi: "Dikirani, mtengo ukwera." Dzina linamata. Aneba ankati, "Ife timadziwa kuti munthu ndiye amakwera mtengo. Kwa anzathuwa mtengo umakwera wokha."

Koma pa ntchito, tisawanamizire, anali katswiri. Duwa la vanila ndi lamatama: limatseguka m'mawa umodzi, dzuwa likafika pamutu lafota, ndipo njuchi za kuno silizidziwa n'komwe. Pamafunika munthu woti alikwatitse ndi kamtengo kosongoka, duwa limodzilimodzi. Zala zozolowera mawotchi zinaiphula ntchitoyo. Zitheba zake zitakhwima anaziviika m'madzi otentha, n'kumaziyanika padzuwa masana, madzulo n'kuzikulunga m'mabulangete kuti zichite thukuta, mpaka zinada bii n'kuyamba kununkhira. Mabulangete ake anali a pabedi pomwe.

"Chibwerere m'nyumba muno simunandifunditsepo chonchi," anatero akazi awo, akuwaona akusisita mtolo wa zitheba.

Mwayi unawagwera chaka chomwecho. Namondwe anasakaza minda m'dziko lina lalikulu lolima vanila kutsidya kwa nyanja. A Ukwera anamva pawailesi, anapukusa mutu mwachisoni monga munthu wopemphera, kenako anazemba kupita kuseri kwa bafa kukavina. Mtengo unakweradi. Ogula anabwera okha pagalimoto, akuwatchula kuti bwana.

Anagula mipando ya sofa imene inakana kulowa pakhomo mpaka anagumula felemu. Anagulanso firiji, ngakhale magetsi anali asanafike m'dera lawo. Mayi ankasungamo nsalu za makasitomala. Aneba aja amene ankaseka anayamba kubwera m'mamawa, zipewa zili m'manja, kudzapempha mbewu. A Ukwera ankawalandira atakhala pasofa, mwendo pa unzake, n'kumawafotokozera za chuma cha maiko amene sankadziwa kuti ali mbali iti. Posakhalitsa dera lonse linazula nthochi.

Zokolola zotsatira zinali zambiri kuposa zoyamba. Ogula atabwera, a Ukwera anawabweza.

"Gulitsani, bambo," anachonderera akazi awo. "Mtengowu ndi wabwino kale."

"Wabwino kwa munthu wosoka madiresi."

Anatsekera vanila m'bokosi kuchipinda, kiyi n'kumangirira m'chiuno. Miyezi inapita. Kutsidya kuja anthu anachita mwano, anabzalanso minda yawo osapempha chilolezo kwa a Ukwera. Maiko enanso amene anamva kuti vanila ndi golide anakolola nthawi imodzi. Chaka chimenecho a Ukwera ankamvetsera zanyengo kuposa asodzi, koma namondwe aliyense ankadutsa kumbali.

Wogula atabweranso anabwera panjinga yamoto, ndipo mawu oti bwana anawaiwala kwawo. Anatchula mtengo umene a Ukwera anayesa kuti ndi wa theka la kilo ya anyezi.

"Kunja zatsika, madala. Si ine ayi, ndi kunja."

"Kunjako ndikupita ndekha!"

Kunja kumene anakwanitsa kufika ndi mumzinda. Anavala jekete, ananyamula chikwama chodzaza vanila, minibasi yonse n'kumanunkhira ngati bekare. Analowa m'sitolo ina yaikulu ya zitseko zotseguka zokha. Pashelefu ya zokometsera anaona zodabwitsa: zitheba ziwiri zokha, zowonda ngati michira ya mbewa, zili m'kabotolo kagalasi, mtengo wake woposa umene wanjinga yamoto uja ankapereka pa kilo yathunthu. Anaitanitsa manijala.

Manijalayo, mayi waulemu wake, ananunkhiza zitheba za a Ukwera n'kuvomereza kuti n'zabwino kwambiri.

"Koma pepani bambo, ife timagulitsa wochokera kunja."

"Nanga wakunjayo amachokera kuti?"

Mayiyo anatembenuza kabotolo n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo. Panalembedwa kuti vanilayo analongedzedwa m'dziko lakutali, koma analimidwa m'dziko lawo lomweli.

"Ndiye kuti ndi mwana wa kwathu konkuno ameneyu," anatero a Ukwera. "Wangopita kunja kukavala botolo, pobwera sakutidziwanso."

"Botololo ndi limene makasitomala amakhulupirira, bambo. Pali ndege, pali msonkho, pali chizindikiro cha kampani."

"Ndikagula mabotolo?"

"Akhala mabotolo a konkuno."

Anatuluka, zitseko n'kudzitseka zokha kumbuyo kwawo. Anakhala pabenchi ya pasiteji nthawi yaitali chikwama chili pamiyendo. Chimene chinkawawawa kwenikweni sichinali mtengo ayi, koma nkhope ya akazi awo imene inkawadikira kunyumba, nkhope ya munthu amene sadzanena kanthu chifukwa ananena kale.

Motero anapita kudepoti ya kampani ya mlamu wawo kuti angogulitsa pamtengo uliwonse. Anapeza mzere wa alimi, ambiri a iwo ophunzira awo a pasofa paja. Mkwiyo unafuna potulukira. Anayamba kuyendera matumba a anzawo.

"Uyu mwathyola wosakhwima. Uyu wachita chuku, mumamufunditsa chiguduli chonyowa? Uyu ndi vanila kapena zingwe za nsapato? Mwationongera mtengo ndinu!"

Mwini depoti anaima pakhomo la ofesi akumvetsera ngati akumva nyimbo. Zaka zonsezi ankafunafuna munthu wodziwa kupeza chilema pa katundu wa mnzake, ndipo lero wabwera yekha, atavala kale jekete. Vanila wa a Ukwera anamugula pamtengo wotsika womwewo, koma anawalemba ntchito yosankha magiredi.

Mpaka pano ali komweko. Amavala chijasi choyera, amakhala pafupi ndi sikelo, ndipo amapinda chitheba pachala n'kuchinunkhiza atatseka maso asanachitsitse giredi. Aneba analeka kuwapatsa moni. Iwo amati ndi nsanje.

Munda wa kuseri uja anautenga mayi. Anabwezeretsa nthochi theka lake, ndipo maluwa a vanila wotsalayo amawakwatitsa ndi singano ya makina. Atakolola koyamba, a Ukwera anadzipereka mwachifundo.

"Mubweretse kudepoti kwathu, mayi. Ndikuonerani bwino."

"Zikomo, bambo. Ndagulitsa kale ku kampani ya patsidya pa msewu."

"Kwa adani athu? Chifukwa chiyani?"

Mayi anadula ulusi ndi mano, osadzutsa mutu pamakina.

"Kumeneko wosankha magiredi ndi mlendo. Mlendo amatha kumva chisoni."