Tinsomba ta pa Pepala la Ba Mutinta

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anandikweza basi ku Katete kunditumiza ku Kafue, kwa amalume anga a Tembo. Amayi anali atakwatiwanso, ndipo m'nyumba yatsopanoyo munalibe malo anga. Sanandiuze choncho, koma mwana si chitsiru.

Amalume ankakhala okha ku Kafue Estates. Ankachoka m'mawa kupita kufakitale n'kubwera dzuwa litapendeka, ndipo anali munthu woti mawu ake a tsiku lonse ukhoza kuwawerenga pa zala. Kusukulu nako sikunali kwabwino. Ndikangotsegula pakamwa, anzanga ankaitanizana: "Iwe Enelesi, kambako futi! Ukamba monga ba mbuya!" Ndinasiya kulankhula. Masana ndinkatsekula chitseko ndi kiyi wa m'khosi, n'kukhala ndekha, kumvetsera sitima ikudutsa patali ndi ana a eni akusewera kuseri kwa mpanda. Ndinkasungulumwa mpaka kumalankhula ndi mbale pozitsuka.

Pabalaza panali kompyuta yakale yachimutu chachikulu, yofunditsidwa chitenje. Amalume ndiwo ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo nyimbo zonse ankazilemba pamenepo. Lamlungu lina masana anandipeza ndikusuzumira, mwina anandimvera chisoni, anandikokera mpando. Anandionetsa pulogalamu yolembera manotsi: mizere isanu ya soprano, isanu ya alto, ya tena, ya besi. Ukadina ndi mausi, kanotsi kakuda kankakhala pamzere n'kulira. Anandiphunzitsa kuika mawu pansi pa manotsi, kusuntha mizere kuti ikwane patsamba, ndi kudyetsa pulinta pepala limodzilimodzi, chifukwa ukaipatsa awiri inkatafuna. Tsiku limenelo analankhula nane kuposa miyezi itatu yonse.

Kuyambira pamenepo masana anga anapeza mwini. Ndinkasewetsa nyimbo, kuzimitsa mawu ena kusiya alto yokha, n'kumaimba nayo mpaka kuloweza. Ndinkafuna kulowa kwaya. Ndisaname kuti chinali chifukwa cha Mulungu. Ndinkaona mmene a kwaya ankatsalira panja mapemphero akatha, kusekana, kumenyana pamapewa, kugawana chinangwa chootcha, ndipo ndinkafuna kuti wina andimenyeko paphewa nanenso. Nditapempha, amalume anangoti, "Ukali mwana. Tizaona."

Mapepala a kwaya ankagona kwathu. Akamaliza kuphunzira, amalume ankawatolera onse m'fayilo yabuluu, chifukwa anthu akapita nawo kunyumba ankabwera opanda. Kutatsala masabata awiri kuti Pasaka ifike, ndinawamva akung'ung'udza akutseka fayiloyo: "Ma pepa aya yasila, yachititsa nsoni." Iwo anangonena n'kuiwala. Ine ndinagona nazo.

Lachitatu nditaweruka kusukulu ndinatsegula fayilo. Zoonadi, nyimbo ya Pasaka inali yomvetsa chisoni. Mapepala anali ofewa ngati nsanza, ena omatidwa tepi, ena amafuta, limodzi lonunkha nsomba. Choipa kwambiri m'maso mwanga chinali zolembalemba za pensulo. Pena mitanda, pena mivi, pena diso lojambulidwa pamwamba pa notsi, ndipo pa lonunkha lija panali tinsomba tokhotakhota. Ndinati anthu akuluakulu awa n'chifukwa chiyani akuipitsa nyimbo ngati ana a giredi wani.

Ndinagwira ntchito masana awiri. Nyimbo inali masamba atatu, ine ndinapanikiza mizere mpaka inakwana awiri, ndinakulitsa mawu, mutu ndinauika pakati ndi zilembo zamaluwa. Ndinasindikiza la aliyense, limodzilimodzi, ndikupukuta manja pa diresi kuti ndisadetse. Atatuluka onse ali mbee, ofunda, ndinadzimva kuti ndine munthu. Akale aja ndinayatsira mbaula. Anayaka bwino kwambiri, ndinaphikira tiyi.

Loweruka, tsiku lophunzira kwaya, ndinapempha kunyamula fayilo, amalume analola. Njira yonse ndinkadziuza mmene zikhalire: adzatsegula, adzadabwa, adzati, "Uyu ni mupwa wanga," ndipo azimayi a alto adzasendera kundipatsa malo pabenchi.

Kudabwa anadabwadi. Anayang'ana mapepala, n'kuyang'ana ine.

"Yakale yali kuti?"

"Ndawotcha, amalume. Munati atha."

Anagawa mapepala, anakweza dzanja, nyimbo inayamba. Sinafike patali. A besi analowa msanga, a tena sanalowe n'komwe, a soprano mpweya unawathera pakati pa mzere. Anayambiranso kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Bambo wina wa besi anatembenuza pepala lake uku ndi uku n'kunena kuti, "Ba Tembo, ine nimangena pansi pa peji yachibili, pamene pali tepi. Manje tepi ili kuti?" Ena anaseka, koma kunali kuseka kowawa.

Pamenepo m'pamene ndinadziwa chimene sindinafunse. Mwa anthu onsewo, odziwa kuwerenga manotsi sankakwana asanu. Enawo ankawerenga malo. Ankadziwa kuti pa dontho la mafuta m'pokwera, pa mtanda m'popumira, pa diso m'poyang'ana wotsogolera. Nyimbo imeneyo anaiimba Pasaka zingapo, ndipo aliyense anali atadzilambulira kanjira kake papepala. Ine ndinafafaniza tinjira tonse, ndi mizere yomwe ndinaisuntha.

Kenako mayi wina wamtali wa alto anadzuka n'kubwera pamene ndinakhala. Anali Ba Mutinta, ogulitsa nsomba, amene ankachokera ku Chanyanya, mudzi wa asodzi wa m'mbali mwa mtsinje, Loweruka lililonse. Sanakalipe. Anawerama n'kundifunsa chapansipansi, "Mwana wanga, yanga nayo washoka? Ija ya tunsomba?" Ndinagwedeza mutu kuvomera kuti ndinaliwotcha. Anaweramuka n'kubwerera pabenchi. Tsiku lonselo sanaimbenso.

Pobwerera ndinkayembekeza chikwapu, ndipo ndinkachifuna, chifukwa chikwapu chimatha. Amalume anayenda patsogolo osacheuka. Titafika anatulutsa pensulo m'thumba la shati n'kundipatsa.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Uzayenda kuli aliyense. Uzamufunsa pamene apumila, pamene angenela, ulembe pa pepa yake."

Sabata yonseyo ndinayenda. Ndikaweruka ndinkanyamula fayilo n'kumagogoda m'makomo, ine amene ndinkaopa ngakhale kupereka moni. Ena anandilandira pakhomo pomwe ndi nkhope yolimba. Ena anandikhazika pampando, kuimba mzere ndi mzere, ine ndikuika mitanda. Bambo wa besi uja anafuna tepi yeniyeni, ndinamumatira. Mayi wina atamva kalankhulidwe kanga anafuula kuti nayenso ndi wa ku Katete, n'kundipatsa mbatata.

Anatsala Ba Mutinta. Loweruka m'mawa amalume anandikweza pakaliyala ya njinga, ulendo wa ku Chanyanya. Msewu unali wautali, wafumbi. Tili pakati, osacheuka, anandiuza kuti amuna awo a Ba Mutinta anali msodzi, ankaimba besi, ndipo ndiwo ankadziwa kuwerenga. Mkazi wawo sanapite kusukulu, choncho ankamujambulira kansomba paliponse pamene alto ikulowa. Amunawo anamwalira chaka chathacho. Amalume atanena zimenezo anapitiriza kupalasa, ine ndinagwira chishalo ndi manja onse awiri.

Anaima pamthunzi wa mtengo n'kundilozera nyumba. "Yenda weka."

Ba Mutinta ndinawapeza akuyanika nsomba pathandala, ntchentche zili ng'waa, kumbuyo kwawo mabwato ali ndandanda m'mbali mwa madzi. Ndinagwada. Mawu amene ndinakonza njira yonse anathawa, ndinangoti ndabwera kudzajambula tinsomba. Anasamba m'manja, anakhala nane pamphasa, n'kuyamba kuimba motsitsa. Akafika polowera ankandigunda bondo, ine n'kujambula. Tinsomba tinakwana tisanu ndi tiwiri. Ndinatijambula mosamala, ndi mamba omwe.

Anatenga pepala n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Twako ni twabwino," anatero. "Twa bamuna banga twenze monga nsapato." Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anandibwezera pepalalo. "Sunga iwe. Nyimbo niiziba kudala, ili mumutu. Sinenze kuyangana pepa chifukwa cha nyimbo."

Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo iwo ndiwo anayamba kunditonthoza, zimene zinandipweteka koposa.

Pasaka itafika kwaya inaimba bwino. Amalume, osandiuza chifukwa, anandiika pa alto, kumapeto kwa benchi, pafupi ndi Ba Mutinta. Malo amene ndinkawalakalaka ndinawapeza. Anthu onse anakweza mapepala awo, nane ndinakweza langa, lija la tinsomba. Ba Mutinta okha anaimba atapinda manja pamimba, maso ali kutsogolo, osaphonya polowera ngakhale pamodzi. Ndinaimba nawo zaka zisanu, ndipo pa nyimbo imeneyo sanagwirenso pepala.

Lero ndine ndimakonzera makwaya angapo manotsi, pa kompyuta yopyapyala imene amalume akanaiyesa mbale. Munthu akandibweretsera pepala lakale kuti ndilembenso, mizere ndimaisiya pamene inali, ndipo lakalelo ndimamubwezera m'manja, ngakhale litang'ambika chotani. Ena amaseka, amati litayeni. Ndimati akatayire kwawo.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti kulakwa kwanga kunali kusafunsa. Kunalidi, koma tsopano ndimaona chimene chinandiletsa kufunsa. Ndinali nditatanganidwa ndi kusungulumwa kwanga, mpaka ndinkayesa kuti m'Kafue monse wosowa mnzake ndine ndekha, ena onse ndi gulu losangalala loti lindilandire. Sizinandifikire m'mutu kuti mayi wamtali woseka uja ankayenda ulendo wonse wochokera ku Chanyanya kuti Loweruka lililonse agwireko dzanja la mwamuna wake papepala lija kwa ola limodzi. Ine ndinaphikira tiyi.