Madayisi a timisomali

Amuna anga anabadwa pa 2 Okutobala 1949, ndipo anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi mu ofesi yoyeza malo. Iwo sanali oyeza ayi. Oyeza ankapita kutchire n'kubwerako ndi manambala, iwo n'kukhala pa tebulo lopendekeka pafupi ndi zenera, kusandutsa manambalawo kukhala misewu, mitsinje ndi malire a mapuloti. Dzina loti a Mapu linachokera kumeneko. Ine ndemwe ndinkawaitana choncho, kupatula ndikakwiya.

Tsiku lina anabwera ndi kabuku kopanda chikuto, komwe anagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Munali malamulo a masewera a nkhani. Munthu mmodzi amakhala wofotokoza: amapeka dziko, mizinda yake ndi zoopsa zake. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nkhanimo, n'kumanena chimene munthuyo achite. Akafuna kuchita chovuta, monga kulumpha chiphedi kapena kuthyola loko, amaponya madayisi awiri. Nambala ikakula zatheka, ikachepa wagwa nazo. Masamba ena a kabukuko anali atathothoka, ndiye malamulo osowawo a Mapu anapeka okha.

Tinayamba Loweruka pa 9 Meyi 1987, itangokwana 2 koloko masana, pa tebulo lathu lodyera. Osewera anali atatu. A Telala, amene ankasoka masuti pakhonde la sitolo ya nsalu, anasankha kukhala wakuba wodziwa maloko, n'kumutcha Zala. A Makaniko anakhala sing'anga. A Nesi, mnzanga wa kusukulu, anakanitsitsa using'anga.

"Ndimachiza anthu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu," anatero. "Loweruka mundipatse chibonga, ndimenyeko munthu."

Ine sindinkasewera. Ndinali mphunzitsi wa masamu, ndipo anandipatsa ulembi: kulemba tsiku, zimene zachitika, ndi nambala iliyonse imene yaponyedwa. Makope amenewo lero alipo makumi anayi ndi limodzi.

Pakati pa sabata a Mapu ankajambula mapu a dziko lawo lopekalo ndi zolembera zomwezo za kuntchito. Ndipo Loweruka lililonse a Telala ankawapezera chifukwa.

"Achimwene, mtsinje uwu ukukwera phiri. Boma limakulipirani kuti muzijambula zoterezi?"

"Inu sokani matumba a mathalauza. Mtsinjewo ngwamatsenga."

Pa 16 Malichi 1991 tinakhazikitsa lamulo limene kabuku kaja kanalibe. A Makaniko anabwera ndi mlamu wawo, ndipo a Telala, ndi maso awo olowetsera ulusi pa singano, anamuona akutembenuza dayisi ndi kachala kakang'ono. A Telala anaimirira, nkhope ili gwa. Anati masewerawa alibe mphotho, alibe wopambana, chimene alinacho ndi chilungamo cha dayisi basi. Wonama pa nambala achoke patebulo, ndipo asadzabwerenso. Onse anavomera, ine n'kulemba. Mlamu uja sanamalize n'komwe tiyi wake.

Zaka zinapita. Ana athu anakulira pansi pa tebulo limenelo, akutola madayisi ogwa. Kenaka ukalamba unatimwaza. A Makaniko anasamukira kutali kwa mwana wawo. A Nesi mawondo anawakana masitepe a basi. A Telala akazi awo atamwalira anatseka makina, n'kukakhala kwa mwana wawo wamkazi, m'kachipinda ka kuseri, m'nyumba imene anthu amachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Miyezi khumi ndi umodzi tebulo lathu linangokhala lodyera.

Amene anatiphunzitsa kuimbirana pa kompyuta, anthu anayi n'kumaonana nkhope, ndi mwana wathu wamkazi. Pa 6 Ogasiti 2016 tinayambiranso. Poyamba zinali zoseketsa. A Makaniko ankayandikira kamera mpaka tinkangoona mphuno. A Nesi ankalankhula mphindi zisanu atatseka mawu, manja ali m'mwamba, ife n'kumangowaonera. Netiweki ikadula pakati pa nkhondo, chilombo chinkadikira ndi ulemu mpaka onse abwerere. Mwana wathu anati pa intaneti pali madayisi a kompyuta, koma a Mapu anakana. Anati aliyense aziponya ake kunyumba kwake, tizimva kulira kwake patebulo, mwiniwake n'kunena nambala. Kamera siinkaona patebulo la munthu. Zonse zinatsamira pa lamulo lija la 1991.

Lolemba pa 17 Juni 2019 ndinkakopera bwino zolemba za Loweruka, ndipo diso la mphunzitsi wa masamu linakodwa. Ndinabwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba. Kuyambira pa 2 Malichi, Maloweruka khumi ndi asanu ndi limodzi, a Telala sanatchulepo nambala ina koma 6, 7, 8 ndi 9. Madayisi sayenda choncho. Nthawi yomaliza imene anatchula 12 inali pa 23 Febuluwale.

Ndinatengera kopelo kwa a Mapu, amene ankasongola mapensulo pakhonde. Anawerenga, chala chikutsika ndi mzere.

"Akunama," ndinatero.

"Wonama amadzipatsa zazikulu, mayi. Awa akudzipatsa zoti asaonekere."

Kenaka anandifunsa kuti a Telala anadzudzula liti mapu komaliza. Zimenezo sindinkalemba, koma ndinakumbukira kuti papita nthawi. A Mapu ankaonetsa mapu pa kamera, a Telala n'kungoti, "Zili bwino, achimwene." Ndinakumbukiranso malaya awo a Loweruka lapitalo. Mabatani anali ataphonyana mabowo. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankatiseka tikavala chopindika kolala!

"Sakuona," anatero a Mapu. "Amaponya kuti timve kulira, koma madontho sakuwaona."

Apa m'pamene panali povuta. A Telala anali munthu wosafuna kumveredwa chisoni. Tikanawafunsa, akanavomera, n'kudzichotsa okha patebulo, pakuti lamulolo linatuluka pakamwa pawo. Tikanati wina aziwaponyera, akanati safuna kudyetsedwa ngati khanda. Ndipo tonse tinkadziwa kuti m'kachipinda kaja ka kuseri, sabata yonse inkayenda kulunjika Loweruka. Mwana wawo anandiuzapo kuti bambo ake amasamba ndi kupesa 12 koloko isanakwane, n'kukhala pampando kudikira kuti awalumikizire foni.

Ine ndinati tingotseka maso, azinena zimene akunenazo. A Mapu anapukusa mutu. Anati a Telala akuvutika ndi bodzalo kuposa ife, ndipo tsiku lina lidzawakwana, adzangoti foni yawonongeka.

Panapita masiku atatu. Lachisanu ndinamva sowo kuseri kwa nyumba. Tebulo lathu linali ndi thabwa lowonjezera, lija tinkalowetsa pakati alendo akachuluka. Ndinapeza atalidula.

"A Mapu! Tebulo la ukwati wathu?"

"Alendo ake ati, mayi? Onse ali mu kompyuta."

Anasema madayisi asanu ndi atatu, lililonse kukula ngati dzira la nkhuku, n'kuwakwecha mpaka kusalala. M'malo mwa madontho anakhomera timisomali ta mitu yozungulira, tija amakhomera nsalu za mipando. Anagwira ntchitoyi milungu iwiri, magalasi ali pamphuno, akuyeza mbali iliyonse ngati malire a puloti ya munthu wovuta. Atamaliza anandikhazika pansi, iwo kuponya, ine kulemba, maulendo mazana atatu. Mbali ya misomali isanu ndi umodzi inkalemera pang'ono, moti 1 ankatuluka kawirikawiri. Anati zilibe kanthu, kumene akupita anthuwa moyo ngovuta kale. Tinakulunga awiriawiri, n'kutumiza kwa onse atatu, pamwamba talemba kuti asatsegule mpaka atauzidwa.

Loweruka pa 20 Julayi 2019 a Mapu analowetsa Zala ndi anzake m'phanga. Anafotokoza mwala ukugubuduka n'kutseka khomo kumbuyo kwawo, miuni ikuzima umodziumodzi, mdima woti ukatambasula dzanja sudziwa ngati lidakali lako.

"Muno mulibe woona," anatero. "Tsegulani maphukusi. Malamulo a muno ndi awa: poponya mutsinzine, nambala muwerenge ndi zala. Mapu kulibe, ndizikuuzani ndi pakamwa. Ine ndemwe ndizitsinzina."

"Madala, mwayamba kuzungulira mutu?" anatero a Nesi. "Ndimenya bwanji chinthu chimene sindikuchiona?"

"Mmene munkabayira jakisoni magetsi atazima."

A Makaniko anagubuduza dayisi lawo m'manja n'kunena kuti mawilo ake ngosalingana. Anawerenga 5 pamene panali 4, kenaka 3, mpaka a Nesi anawauza kuti zala zawo zinafera mu girisi. A Telala ndinkawaona pa kompyuta akulisisita dayisilo, mbali ndi mbali, chala chachikulu chikuyenda pa timisomali ngati chikufufuza msoko.

Inafika nthawi yoti Zala afufuze msampha pakhoma. Tinamva madayisi akugunda tebulo, kulira kolemera, kwa mtengo. Anapapasa, anapeza limodzi, anapeza linalo.

"Ziwiri," anatero.

Palibe nambala yoipa kuposa imeneyo. Zala anagwera m'dzenje, anathyoka mwendo, zida zake zonse n'kumwazika. Koma a Telala anaseka chikhakhali mpaka kutsokomola, akubwereza kuti, "Ziwiri, achimwene! Ziwiri zenizeni!" Ine ndinalemba 2, ndipo inki ya pamenepo inafalikira pang'ono.

Phanga limenelo linalibe mapeto. Munali nyanja, misika ya anthu osaona, mzinda wonse wa pansi pa nthaka. Zala ndiye anakhala mtsogoleri, chifukwa pa kuwerenga ndi zala panalibe wowaposa a Telala. Anayambiranso kudzudzula. "Sabata yatha munati ngalandeyi ili kumanzere, lero yasamuka?" Nthawi zina a Makaniko ankafunsa kuti kodi tituluka liti muno, a Mapu n'kuyankha kuti khomo lili patsogolo pang'ono. Linakhala patsogolo pang'ono zaka zitatu ndi miyezi itatu.

A Mapu anatisiya Lachinayi pa 3 Novembala 2022, atadwala masiku asanu ndi anayi. M'kabati yawo ndinapeza mapu a phanga lonse, mapepala khumi ndi awiri olumikiza ndi selotepi, ojambulidwa mwaudongo ngati opita kwa bwana, ngakhale ankadziwa kuti palibe adzawaone.

Pa 14 Januwale 2023 a Nesi anandikakamiza kukhala pampando wa wofotokoza. Ndinayala mapuwo patebulo. Tisanayambe, a Telala anakonza kukhosi.

"Alamu, pamapupo khomo lotulukira lilipo?"

Ndinayang'ana mapepala onse khumi ndi awiri. "Palibe."

"Ndinadziwa. Ndinadziwa tsiku lomwe lija, nditangogwira timisomali. Tsono tsegulani kope la 2019. Ndinanama pa nambala, Maloweruka ambiri. Mwini tebulo anandibisa, koma wapita. Lamulo mukulidziwa, ndinalinena ndine."

"Khumi ndi asanu ndi limodzi," ndinatero. "Kuyambira pa 2 Malichi mpaka pa 15 Juni. Ndi ena anayi pamene ankasema madayisi."

"Mwaona. Ndiye ndi…"

"Inu a Telala, tatiyeni uko," a Nesi anawadula. "Mukuyesa ine sindinaone? Zaka makumi atatu m'chipatala, ndingalephere kudziwa munthu amene akuyang'ana pambali pa kamera? Ndakhala ndikutsinzina zaka zitatu chifukwa cha inu, lero muzindiuza zochoka?"

"Ine ndiye ndinkasuzumira," anatero a Makaniko. "Diso limodzi. Zala zangazi sizimva kanthu. Mukachoka inu, nanenso ndiye kuti ndachotsedwa."

"Wakuba weniweni ndi ameneyu!" anakuwa a Nesi. "Sing'anga wabodza!"

Phokoso litatha, onse anadikira ine. Ndinawauza kuti lamulo la 1991 lili m'kope lachinayi, ndipo sindilifufuta. Koma amene ankaweruza patebulo lino anaona kope la 2019 pa 17 Juni, ndipo chigamulo chake anachisema ndi manja ake, n'kuchitumiza kwa aliyense. Ine sindingachitembenuze.

"Tsono Zala waima pamphepete pa madzi," ndinatero, "ndipo kutsidya kukumveka mapazi. Mutani?"

A Telala anapukuta m'maso ndi chikhatho. Anakonza kolala.

"Mapaziwo ngochokera kumanja kapena kumanzere? Munene zoona, alamu, amuna anu ankasinthasintha."

"Kumanja."

Ndinatsinzina, ngakhale sinali nthawi yanga yoponya. Ndinamva thabwa la tebulo lathu likugubuduka m'kachipinda kakutali, kenaka zala zikupapasa.

"Khumi ndi chimodzi," anatero.

Ndinatsegula maso n'kulemba.