Mabotolo a Mwana Wanga ndi Matumba Anga

Sukulu ndinalekezera Giredi 7. Ndine kalipentala wa ku Kabwata, ndipo ndili ndi kamunda kuseri kwa Chelstone. Ufa wa m'sitolo sindinaugulepo kufikira chaka chimene ndikunenachi.

Mwana wanga womaliza, wamkazi, anaphunzira zaulimi. Amagwira ntchito m'labotale. Chaka chimenecho tinakolola matumba asanu ndi limodzi, ongokwanira ine ndi amake kufikira chimanga chatsopano. Loweruka lina anabwera ndi chitini cha ufa wobiriwira, wosinjidwa ku masamba a mtengo wina.

"Atate, chaka chino musathire mankhwala a kumsika wa Soweto aja. Amakutsokomoletsani. Thirani uwu."

"Unauyesa?"

"Miyezi inayi, m'mabotolo. Anankafumbwe onse anafa."

Anandionetsa zithunzi pafoni. Mabotolo agalasi ali pamzere, otsekedwa bwino, lililonse ndi kapepala kake. Chimanga chake choyera, chopanda bowo. Inali ntchito yaudongo. Ntchito yabwino ndimaizindikira.

"Botolo limatsekulidwa kangati?"

"Silitsekulidwa, Atate. Zingasokoneze zoyesazo."

Ndinkafuna kupitiriza, koma amake anandiyang'ana ndi diso lija loti mwana usamuchititse manyazi. Ndinagamula kuti matumba atatu athiridwe ufa wake, atatu mankhwala anga. Sanakondwe, koma anathira yekha, mosamala, n'kumanga matumbawo.

Kachipinda kathu kosungiramo chimanga ndi ka malata. Masana mumatentha, mvula ikagwa khoma limanyowa. Amake amamasula thumba sabata iliyonse popita kuchigayo.

Mu Ogasiti mlongo wanga anabwera kuchokera ku Katete, atasenza ndowa ya chimanga cha m'nkhokwe mwake. Kwathu mphatso ya chakudya siikidwa pambali ngati chinthu chokayikitsa. Umaithira m'thumba lako mwiniwake akuona, kuti adziwe kuti walandira. Amake anaona kuti chimangacho chayamba kufumbwa. Anathirabe, m'thumba limene linali lomasula, limodzi mwa a mwana wathu aja. Ndikanakhala ine ndikanachitanso chimodzimodzi.

Pofika Novembala, ukatchera khutu pakhomo la kachipindako unkamva kutekesa. Matumba atatu a ufa wobiriwira anali atasanduka fumbi. Anga anali ndi anankafumbwe apo ndi apo, koma analimba.

Ndinamuitana mwana wanga. Analowetsa dzanja m'thumba, nalitulutsa lili mbuu.

"Ufa wanga walephera, Atate."

"Ufa wako unapha amene unawatsekera m'mabotolo. Awa anabwera pabasi ndi azakhali ako."

Anaseka pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Bwanji simunandiuze kuti mumasakaniza?"

"Unandifunsa?"

Ndinayankha choncho, koma mlanduwo unali wanganso. Ndinafunsa mafunso awiri okha n'kusiyira pomwepo, pamene ndinkadziwa za malata, za khoma lonyowa, ndi za achibale. Iye sanandinamize. Ananena zimene anaona, ndipo zimene anaonazo zinali zoona. Kungoti m'botolo simufika alendo.

Anandiuza kuti anali atalemba kale pepala lolangiza alimi kuti asiye mankhwala ogula. Linatsala pang'ono kutumizidwa. Analibweza.

Mu Januwale chimanga chinatithera. Ndinakwera minibasi kupita ku Soweto, ndinagula thumba la ufa, ndinalisenza ndekha. Potsika, mnansi wanga wa ku Kasama anali pageti pake, nandipatsa moni m'chinenero chakwawo.

"Shani ba mudala, alimi naonso ayamba kugula?"

Ndinalowa m'nyumba ndi thumba langa. Nsima ya ufa umenewo ndinaidya miyezi itatu, ndipo mwana wanga sindinamutchulirepo kukoma kwake.

Titakolola chaka chotsatira, anabweranso ndi chitini chija, ndi kope. Nthawi ino sanapemphe matumba atatu. Anapempha limodzi. Analemba mmene khoma limanyowera, anayeza kutentha kwa pansi pa malata, anafunsa amake masiku a chigayo.

"Amayi, muzimasula monga mwa masiku onse. Azakhali akabwera, thirani."

Azakhali ake anabweradi, ndi ndowa yawo. Thumbalo linalimba mpaka Disembala, kenako linayamba kutekesa. Mwana wanga akuti ufawo ungafunike kuthiridwanso pakati pa chaka, koma sanatsimikize, ndipo pepala lija sanatumizebe.

Kiyi wa kachipindako ndinali naye ndekha chimangireni nyumba ino, ngakhale amake ankachita kubwereka kwa ine. Mwana wangayo ndinamusulitsira wake.