Patapata ya mkazi uja pansi pa galimoto yathu

Anzanga, ndikayamba nkhani iyi ena amaseka, amati nsanje inandionetsa zinthu zomwe kunalibe, koma ndikulumbira pali mwana wanga amene ndinabereka kumbuyo tsiku limenelo, palibe chimene ndawonjezerapo. Mayina sinditchula chifukwa eni ake adakali moyo, kupatula apongozi anga.

Zinachitika zaka zija titangotuluka m'njala ya chimanga chachikasu, tikukhala ku Kanakantapa, ine ndili ndi mwana woyamba wosayamba n'kukwawa komwe. Amuna anga anali atagula kavaneti kakale kwa mayi wina wamasiye wa kufupi ndi kwathu, kamene kanali ka malemu amuna ake, ndipo mayi yemweyo ndiye ankakachita hayala kunyamula tomato wake kupita naye ku Chongwe, nthawi zina mpaka ku Lusaka. Ndikati wamasiye musaganize za nkhalamba ayi. Anali mkazi wondiposa zaka pang'ono chabe, wa mano oyera, woseka mokweza, wodziwa kuyankhula ndi amuna osayang'ana pansi.

Kagalimotoko kanali ndi nthenda imodzi: ndodo ya giya inali yogwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Ukaigwira inkapita uku ndi uku, osadziwika kuti wani ali pati, thuu ali pati, amuna anga n'kumafufuza ngati munthu wosaka machesi mumdima, ndipo kuti giya ilowe dzanja lawo linkayenda ulendo wautali mpaka kukagunda bondo la munthu wokhala pakati. Nanga pakatipo pankakhala ndani? Apongozi anga aamuna ankakonda ulendo, galimoto ikangolira iwo avala kale jekete, ndipo malo awo anali a kuchitseko. Tsono inu mukudziwa, mkazi sangathinane ndi apongozi ake aamuna pampando umodzi, ntchafu n'kumakhudzana, amenewo ndi malaulo. Ndiye ine, mwini mwamuna, ndinkakwera kumbuyo pakati pa mabokosi a tomato, mkazi uja n'kukhala pakati, poti iye sanali mpongozi wa munthu.

Maso anga sankachoka pagalasi la kumbuyo kwa mpando wawo. Ndinkaona dzanja lija likupita, likugunda bondo, likubwerera, likupitanso, iye osasuntha mwendo ngakhale pang'ono, n'kumangoseka. Kodi mumsewu wa maenje ngati wathu uja munthu amasintha giya kangati? Ine chilichonse chinkandilasa. Kunyumba ndinawauza atate ake a mwana kuti akamangitse giyayo kwa amakanika, iwo akuti ndiwasiye, galimoto yawo amaidziwa, yagwedera kuyambira kale ndipo sinawagwetsepo. Ndinawafunsa ngati chimene akukana kumanga ndi chitsulo kapena ndi china, iwo anangoti ndayamba misala, n'kutuluka panja. Mumtima ndinati munthu uyu giyayi akuisunga dala.

Tsiku limenelo linali la sikelo ya mwana ku Chongwe, tonse titakwera monga mwa nthawi zonse, mvula itagwa usiku wonse, dzuwa litatuluka la m'mawa. Panjira pathu pali kamtsinje kopanda mlatho weniweni, anangothira simenti pansi, madzi amadutsa pamwamba, ndipo ukawoloka pali chitunda choti ukwere. Madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. Tinawoloka, madzi akufika m'matayala, tinayamba kukwera, ndipo tili pakati pa chitunda galimoto inalemedwa, amuna anga n'kufuna kubwerera ku wani. Ndinaona ndi maso anga pagalasipo, dzanja linapita, linapitirira bondo lija, ndodo inangogwera m'mbali ngati munsi mumtondo wopanda kanthu. Injini inalira mokweza koma matayala osakoka. Kenako ndinaona mitengo ikupita kutsogolo.

Tinkabwerera chambuyo, anzanga, ndipo chambuyo chimenecho ndinali ine ndi mwana. Mabuleki anali atanyowa m'madzi muja, amuna anga akupondaponda koma ngati akuponda phala, ndipo buleki ya pamanja inafa kalekale, m'malo mwake ankayenda ndi chipika chamtengo choika kutayala akaima. Mabokosi anayamba kutsetsereka kundipanikiza kuchitseko chakumbuyo, tomato akundigwera m'mutu, mwana akulira kumsana, ine kufuna kudumpha koma miyendo yapanikizika, mtsinje ukukula m'maso mwanga. Ndinakuwa kuitana amayi anga amene anali kutali kumudzi. Ndinkangoganiza kuti madziwa ayamba kumiza mwana, ine ndidzatsatira.

Chipika chija chinkakhala kumapazi kwa munthu wapakati. Apongozi anauma gwa, atagwira chipewa, osatsegula chitseko. Mkazi uja anawakwera pamiyendo, inde, pamiyendo pa munthu wamkulu, anakankha chitseko, anagwa m'matope ndi chipika m'manja, anadzuka, n'kuthamanga kupitirira galimoto. Anachiponya kutayala lakumbuyo, tayala linachikwera n'kuchilavula, anachitolanso atagwada, nkhope yake ili pafupi ndi tayala, n'kuchikankha ndi manja onse awiri. Galimoto inagwedezeka, inaima. Nditayang'ana pansi ndinaona madzi akunyambita chitsulo chakumbuyo, tomato wake akupita ndi mtsinje ngati mikanda yofiira.

Woyamba kundifikira anali iyeyo. Anakankha mabokosi, anandimasula mwana kumsana, akundiitana kuti amake mwana, amake mwana, ndipume, zatha. Zala zake zinali kuchucha magazi. Ndinalira pamapewa pake, ndipo ndikuuzani zoona, ndikulira choncho ndinamva fungo la mafuta ake odzola, n'kukumbuka kuti fungo limeneli ndinalimvapo pamalaya a amuna anga. Mwina n'chifukwa chokhala moyandikana m'galimoto. Mwina.

Titaika miyala kumatayala onse, amuna anga analowa pansi, n'kutuluka atagwa nkhope, akuti bawuti yolumikiza ndodo ya giya ndi chitsulo chopita ku giyabokosi yagwa, kamphira kamene kamakhala pakati kanadyeka kalekale, ndiye bawutiyo inkangovina m'bowo mpaka nati inamasuka. Mkazi uja anawafunsa kuti chigulireni galimotoyi sanasinthepo kamphirako? Anawauzanso kuti malemu amuna ake ankakasintha mvula iliyonse ikayandikira, iye atawagwirira sipanala, ndipo sankagula kusitolo ayi. Anavula patapata yake, anatenga mpeni wake wa kumsika, n'kudula timagawo tozungulira ngati ndalama zachitsulo, n'kuboola pakati. Bawuti anamasula ya pachitseko chakumbuyo. Anamanga chitenje molimba n'kulowa pansi pa galimoto, amuna anga n'kumutsatira.

Ine ndinakhala pamwala ndikuyamwitsa, ndikuyang'ana miyendo inayi itatulukira pansi pa galimoto yathu, iwiri ya nsapato, ina phazi limodzi lopanda kanthu. Ndinkamva iye akulangiza kuti kamphira kena mbali iyi, kena mbali iyo, amange kwambiri koma osafinya mpaka giya kuuma, kumapeto apinde waya kuti nati isathawenso. Kenako ndinamva amuna anga akuseka chapansipansi, n'kumuitana ndi dzina lake lenileni, la paubwana, limene ine sindinkalidziwa n'komwe. Munthu amene wangopulumutsa mwana wako ungamufunse kuti dzina lako amuna anga analidziwira kuti?

Atayesa giya inalowa kuti tha, yosagwedera, ngati ya galimoto yatsopano. Apongozi anangokwera kumbuyo okha, akuti mdzukulu wawo sadzakhalanso ndi mabokosi iwo ali moyo, mayi wa mwana apite kutsogolo. Kuyambira tsiku limenelo pakati panakhala panga, mkazi uja kuchitseko.

Ndinakhala pamenepo ndikudikira. Tinadutsa maenje, tinakwera zitunda, amuna anga anasintha giya kosawerengeka, koma ndodo inali itamangidwa bwino, dzanja linkangoyenda pang'ono n'kubwerera ku chiwongolero. Bondo langa silinakhudzidwe ngakhale kamodzi, tsiku limenelo kapena lina lililonse mpaka galimotoyo tinaigulitsa, patapata yake idakali pansi pomwepo.

Lero ndikakumana naye ndimamupatsa moni ndi manja awiri, ndipo mwana wanga amamuitana kuti amayi aang'ono, ndinamuphunzitsa ndine. Ngati panali kanthu pakati pa iye ndi amuna anga, Mulungu ndiye adziwa, ine umboni ndinalibe, koma ndimakhulupirira kuti mkazi uja ankadziwa bwino chimene ankamanga, ndipo anamangira ine. Tsono amayi anzanga, mukaona giya ya amuna anu ikugwedera iwo n'kumati palibe kanthu, musathere mphamvu kuyang'ana bondo ngati ine, bawuti ikumasuka pansi. Limbanani nawo akaimange mwana asanakwere, ndipo akaimange kwa amakanika, chifukwa mukachedwa adzakumangirani ndi mkazi mnzanu, inu mudzamuthokoza moyo wanu wonse mtima ukuwawa.