Mbendera Sindidaigwetse

Tsiku limenelo tidalipo ine, mayi a kunyumba kwanga, mwana wanga wachisamba, amene pa nthawiyo adali kale bambo wa ndevu zake, ndi achimwene anga aakulu, omwe maso awo adali atachita khungu. Ena onsewa amene amakamba nkhaniyi pakhonde la mzikiti sadaliko. Adangomva. Nchifukwa chake ndagwira pensulo, ngakhale dzanja langali lidazolowera nkhafi.

Tidanyamuka ku Ngala wapansi kupita ku ziyala, mwambo wokapemphera kumanda a shehe wathu kutsogolo kwa Benga. Mbendera ya mzikiti adapatsa ine, chifukwa ndikayambitsa nyimbo za sikiri mawu anga ankamveka mpaka mudzi wachitatu. Mwambo wake ndi uwu: akaiwerengera pemphero la duwa, mbendera sibwerera m'mbuyo, ndipo woinyamula saigunditsa pansi mpaka akafike. Achimwene adati ulendo umenewo ngwomaliza kwa iwo, tikawasiya atitsatira chokwawa.

Vuto lidali khadi. Zaka zimenezo wopanda khadi la chipani sankadutsa pamene atchinga, ndipo la achimwene chiswe chidadyera kudenga. Milatho ina tidaipeza yopanda munthu. Koma titayandikira Benga, bambo wina wapanjinga adatinong'oneza kuti anyamata a malaya ofiira ali pamlatho wakutsogolo, ndipo dzulo lake adakhazika nkhalamba padzuwa mpaka idakomoka. Tidagwirizana zokaolokera kumunsi, kufupi ndi nyanja, kumene madzi amalekeza m'mawondo.

Lidali dzinja, chimanga chitangomera. Kudatentha koti kanzu idamatirira kumsana.

"Abambo, tayang'anani kumapiri," adatero mayi a kunyumba. "Kwada bii."

"Inu yang'anani kunyanja," ndidawayankha. "Ine ndakulira m'bwato. Mphepo ya mpoto kulibe, nyanja yagona. Lero mvula sitigwera."

"Nanga linthumbu tadumpha lija?"

"Linthumbu lakhala liti shehe?"

Achimwene adaseka mpaka kutsokomola. "Musiyeni mng'ono wangayu. Mvula imamuopa, imadziwa kuti akhoza kuikalipira."

Ndipo mumve bwino: tsiku lonselo silidatigwere ngakhale dontho. Zimene ndidanena ndi zimene zidachitika. Mvulayo idagwa kumapiri, ndipo kumapiri si dera langa.

Tidapeza mtsinje utafiira, ukunyamula masamba ndi timitengo. Mwana wanga adazika bango m'mphepete, posakhalitsa bangolo lidamira.

"Ababa, akukwera madziwa."

Kudikira, mtsinje ukadadzaza ndipo ziyala ikadatha ife tili tsidya lino. Kumtunda kudali anyamata aja. Kumbuyo mbendera sibwerera.

"Mukundiimikiranji?" adafunsa achimwene, nkhope atalozetsa kumene kunkamveka madzi. "Ndaolokapo yoposa uwu."

Mayi a kunyumba adayamba, mtolo pamutu, madzi m'chiuno, nafika. Mwana wanga adabereka abambo ake aakulu kumsana. Ine ndidawatsogolera awiriwo, nsungwi ya mbendera nditaikweza ndi manja onse awiri, ndikufuula sikiri kuti obwera m'mbuyo atsate mawu.

Tili pakati ndidamva mkokomo ngati lole ikutsika phiri. Madzi adachoka m'chiuno kufika pachifuwa nthawi imodzi, ozizira, mchenga ukuthawa kuphazi. Mayi a kunyumba adakuwa kutsidya. Nditacheuka, mwana wanga adali atagwada, madzi ali m'khosi. Achimwene ndidangoona chisoti chawo choyera chikupita, ndi manja awo atakolowekera pakhosi pa mnyamatayo. Chitsa chachikulu chinkabwera chikugubuduka.

Dzanja langa silikadawafika. Nsungwi ndiyo idali yaitali.

Ndidaponda mwala, ndi kutsitsa mbendera yonse m'madzi, nsalu yobiriwira ija ndi malemba ake. "Gwira! Gwira, iwe!" Anthu akuti mawuwo adamveka pamlatho. Mwana wanga adaphonya koyamba. Kachiwiri adagwira nsaluyo naikulunga padzanja, ine ndi kuyamba kukoka chobwerera, monga tikokera khoka. Chitsa chidadutsa pamene adagwada paja.

Kutsidya achimwene adasanza madzi ofiira, nagona chafufumimba nthawi yaitali. Atadzuka adapapasa mpaka adaipeza mbendera, yamatope, yong'ambika pangodya. Adaisisita. Kumanda a shehe adakafika ndi mapazi awo, ndipo chaka chotsatira sadachione.

Tsono amene amati mbendera ndidaigwetsa ngabodza. Ine sindigwetsa chinthu. Ndidaitsitsa ndekha, maso ali poyera.

Titatsala pang'ono kulowa pakati pa anthu a ziyala, ndidaima. Mbendera za midzi ina zinkawala, yanga ikudontha matope, ndipo ndidachita manyazi kuikweza. Mwana wanga adandigwira pamkono, chikhatho chake chikadali chotupa.

"Ababa, ikwezeni. Wofunsa abwere kwa ine. Nsaluyi tichapa mawa. Mukadaisunga youma, bwenzi lero tikusambitsa abambo aakulu ndi kuwafunira nsalu ya kumanda."